Mbuzi imene Che Saide sanachinje

"Ndiye mudya nokha mbuziyo, bambo a Banaba! Mudye ndi nyanga zomwe, ziboda musungire mawa!"

Amenewo anali amayi anga, akukalipira atate m'mawa wa tsiku loti abishopu andisanjike manja ku tchalitchi cha ku Msumba. Ndikukumbukira bwino chifukwa ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndinaima pakati pawo nditagwira chingwe cha mbuziyo. Anthu a kwathu mawu a amayi anga mukuwadziwa. Akakuwa ali pakhomo, asodzi a ku Likoma amatembenuka.

Inu a kutali amene mukuwerenga izi pa foni, ndikufotokozereni kaye. Kwathu kuno kunyanja, akhristu ndi asilamu timangosiyana mpanda. Ukakhala ndi feshita, ndiye kuti phwando, kaya la ukwati kaya la ubatizo, chiweto supha wekha. Umaitana msilamu kuti achinje, atchule dzina la Mulungu mwa chipembedzo chawo, kuti aliyense adye osafunsa mafunso. Ife wotichinjira anali Che Saide, oyandikana nafe nyumba, bambo ake a mnzanga Amido. Nkhuku za m'mudzi mwathu zikangoona kofia yawo zinkayamba kutsanzikana.

Koma nthawi imeneyo atate ndi Che Saide sankalankhulana. Injini ya boti la Che Saide inali itadula ukonde wa atate. Atate ankati anachita dala, Che Saide ankati ukondewo unatcheredwa panjira ya maboti. Anatukwanana padoko mpaka usipa wonse unathawira kutsidya, ku Malawi.

"Sindikagwadira munthu amene anandidulira ukonde," atate anatero. "Msilamu ndi iye yekha? Ndikapeza wina kumtunda uko. Banaba, tiye."

Tinadutsa m'minda ya chinangwa, ine ndikukokana ndi mbuzi yaikulu ngati mwana wa mvuu. Titafika pa mtengo wa mango kuseri kwa munda wathu, atate anaima, anayang'ana uku ndi uku, n'kutulutsa mpeni.

"Gwira miyendo."

"Atate, nanga msilamu uja ali kuti?"

"Mbuzi ndi yanga, mpeni ndi wanga. Gwira miyendo."

Ndinagwira. Dzina la Mulungu sanatchule. Anatchula la Che Saide, ndipo zimene anawonjezerapo sindingalembe pano. Atamaliza anapukuta mpeni pa udzu, n'kundiloza nawo chala chili pachigwiriro.

"Amako akafunsa, wachinja ndi mnyamata wa ku mzikiti wa kumtunda. Wamva?"

Ndinati ndamva. Panjira ndinkadzitonthoza kuti anthu okwiyirana sayenderana, ndiye a kwa Che Saide sabwera, nyamayo tidya tokha akhristu, nkhani yatha. Titafika kunyumba tinapeza amayi akutsuka mpunga. Anayang'ana nyama m'beseni n'kumwetulira.

"Mwachita bwino. Amake Amido ndinawaitana dzulo, banja lonse. Zokangana zanu za m'madzi zithere m'madzi momwemo."

Epa! Ndinayang'ana atate, iwo akuyang'ana denga ngati akuwerenga nsungwi.

Kutchalitchi ndinapita nditavala malaya oyera ndi nsapato za msuweni wanga, zothina moti zala zinkapempherera payekhapayekha. Munali modzaza, fungo la lubani litasakanikirana ndi la thukuta ndi la mafuta odzola, kwaya ikuimba mpaka njerwa kunjenjemera. Ife osanjikidwa manja tinakhala kutsogolo. A katekisita anali atatiphunzitsa miyezi yambirimbiri, kakamtengo kali m'manja, ndipo chimene ankabwerezabwereza chinali lamulo loposa onse. Ndinkalidziwa ngati dzina langa.

Ndiye pa ana onse aja, gulu lodzaza bwalo la mpira, abishopu analoza ine.

"Iwe wa makutuwe, taimirira. Lamulo lalikulu ndi liti?"

Ndinayankha: kukonda Mulungu ndi mtima wonse, ndi kukonda mnzako monga mmene umadzikondera wekha.

"Mnzakoyo ndani?"

"Aliyense, Ambuye."

Abishopu anapukusa mutu. "Aliyense ndi wosavuta kumukonda, mwanawe, chifukwa aliyense sakhala kuseri kwa mpanda wako. Yamba ndi uyo amene utsi wa kukhitchini kwake umalowa m'nyumba mwanu."

Tchalitchi chonse chinaseka. Ine sindinaseke. Utsi umene unkalowa m'nyumba mwathu unali wa khitchini imodzi yokha padziko lonse lapansi.

Ndinakhala pansi mutu ukuwira. Kunena zoona, ndiye kuti atate ndawavula pagulu, ndipo lamulo lolemekeza makolo nalonso a katekisita anatimenyera. Kukhala chete, ndiye kuti Amido, amene tinkagawana chinangwa chootcha kusukulu, adya chinthu chimene kwawo ndi tchimo, ine ndikumupatsira mbale. Amido amene mwezi wa Ramadani ankakana ngakhale kumeza malovu, ife tikumuseka. Ndinayamba kupemphera kuti Che Saide adwale malungo, ang'onoang'ono chabe, a tsiku limodzi, banja lonse liwadwazike. Kenako ndinazindikira kuti ndikupempherera mnzanga matenda ndili kutsogolo kwa guwa, ndipo ndinachita mantha kwambiri kuposa poyamba.

Itafika nthawi yanga ndinagwada. Manja a abishopu anali olemera ngati thumba la ufa. Ndinkangoti amva mbuzi ikulira m'mutu mwangamu, aimitsa mwambo, aitana apolisi a ku Metangula. Sanamve kanthu. Anapita kwa mwana wotsatira.

Masana mphasa zinayalidwa pakhomo pathu. Achibale anabwera, ena ochokera ku Lunho, ena mpaka ku Maniamba. Fungo la nyama linkafika pakati pa nyanja. Ine maso anali pa chipata, ndikuti mwina sabwera, mwina sabwera. Kenako ndinaona kofia yoyera pamwamba pa mpanda. Che Saide analowa atavala mkanjo wawo wa Lachisanu, akazi awo pambuyo atanyamula nthochi, Amido kumapeto akundiseka chifukwa cha nsapato zija. Analonjera atate. Atate anayankha ndi pakhosi pokha, n'kuwalozera mphasa ya amuna.

"Banaba, sambitsa alendo m'manja," amayi anatero. "Lero ndi tsiku lako."

Ndinatenga jagi ndi beseni. Ndinayamba ndi amalume, kenako a katekisita, amene nawonso anali atabwera. Munthu aliyense amene ndinkamaliza, Che Saide ankayandikira. Mbale ya nyama inali kale pakati, msuzi ukunyezimira. Atate ankandiyang'ana osaphethira. Ine maso anali pa mbaleyo moti amalume ndinawasambitsa mpaka m'mawondo.

Ndinagwada pamaso pa Che Saide. Anatambasula manja, aja okhala ndi zipsera za chingwe cha ukonde, ofanana ndendende ndi a atate. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Wakula tsopano, mwanangu. Mulungu akusunge."

Basi, pamenepo ndiye panandithera. Ndinafuna kuwanong'oneza. Ndikulumbira, ndinafuna kunong'ona. Koma mawu anga nthawi imeneyo anali akusintha, ndipo anatuluka ngati hutala ya sitima.

"Che Saide, musadye nyamayo! Sinachinjidwe, apha ndi atate!"

Amayi anaika chikombe chopakulira pansi pang'onopang'ono. A katekisita anayang'ana m'mbale mwawo. Ine madzi ndinkathirabe, beseni litasefukira kalekale.

Che Saide anakutumula manja, n'kutembenukira kwa amayi.

"Amake Banaba, nyemba zilipo?"

"Zilipo, mphika wake wake."

"Ndiye tadza nazoni. Ine mano anga nyama akuikana masiku ano."

Mano awo anali onse, oyera ngati mpunga. Anadya nyemba, banja lonse linadya nyemba, anayamikira mchere, anacheza za mphepo ya mwera. Atate anadzuka n'kutsikira kudoko. Feshita yanga inatha ngati maliro a munthu wopanda abale.

Ndinadikira chikwapu. Sichinabwere, ndipo ndiko kunali kuzunzika kwenikweni. Atate akatsokomola ndinkadumpha. Akagwira lamba kuti amange buluku ndinkatsanzikana ndi dziko. Amayi nawo sankalankhula ndi atate, ankangomenyetsa miphika. Masiku anapita choncho, nyumba yonse ili ngati mitambo ya mvula yokana kugwa.

M'mawa wina atate anatuluka m'khola atapanira tambala wathu wamkulu m'khwapa.

"Tiye."

Ndinati lero ndiye tifera limodzi ndi tambalayu. Koma sitinalowere kumunda. Tinazungulira mpanda n'kuima pa chipata cha Che Saide. Atate anaima nthawi yaitali, akukanda pansi ndi chala cha kuphazi ngati mwana wochedwa kusukulu.

"Odi."

Che Saide anatuluka. Anayang'ana atate, anayang'ana tambala.

"Mpeni wanga wabuntha," atate anatero, maso ali kumbali.

"Mipeni ya masiku ano imatero," anayankha Che Saide. "Amido, tenga madzi."

Za ukonde palibe anatchula. Za mbuzi palibe anatchula. Tambalayo tinadyera limodzi masana ake. Pobwerera atate anandiwomba khofi limodzi la pankhongo, limene mpaka lero ikamabwera mvula ndimalimva.

"Tsiku lina uzidzayamba wauza ine," anatero.

Panopa ndamaliza desima, kalasi ya khumi, ndikungokhala kudikira zotsatira za mayeso, ndiye nthawi yoganiza ndili nayo yambiri, mwinanso yoposa. Chimene ndaona n'chakuti mbali ya Mulungu ya lamulo lija sinandivutepo. Kuimba ndimaimba, kugwada ndimagwada, palibe amene amakumenya khofi chifukwa cha zimenezo. Mbali ya mnzako ndi imene imabwera itavala mkanjo n'kukhala pa mphasa yanu, atate ako akukuyang'ana. Ndinkayesa kuti ndi malamulo awiri, lina la m'tchalitchi lina la panja. Koma ndikanakhala chete tsiku lija, sindikudziwa kuti Lamulungu lotsatira ndikanamuimbira bwanji Mulungu amene ndinamunamiza m'mbale ya mnzanga. Komanso atate ananena zoona: nawonso ndi mnzanga, ndipo utsi wawo ndi umene ndimapuma tsiku ndi tsiku. Ndikanawauza pamtengo wa mango paja, ndisanagwire miyendo. Kungoti anali ndi mpeni.

Nditangoika nkhaniyi, Amido wayankha pansi pake. Ndikusiyirani mmene walembera:

"Banaba, mabodza ako sadzatha, mbuzi ija inali yowonda ngati galu. Koma imva ichi, sindinakuuzepo. Baba ankadziwa kale. Wochinja amapatsidwa khosi, ndipo m'mawa umenewo m'mudzi monse panalibe msilamu amene analandira khosi la mbuzi. Tisanatuluke pakhomo anatiuza kuti tikadye mpunga ndi nyemba, nyama tikaikankhire pambali mwakachetechete, tisakawachititse manyazi pa tsiku la mwana wawo. Ndiye iwe n'kukuwa ngati wagwidwa ndi ng'ona. Titabwerera kunyumba baba anauza amayi kuti, 'Mwana ujayu akabwera pano musamamufunse ngati wadya. Muzingomupakulira.' Bwera mawa, kuli mpunga."