Khadi Limene Linandichotsa pa Mpando

Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, palibe ankafuna kundilemba ntchito. Anthu ankakumbukira kuti ndine ndinkawabweza pachipata cha msika akakhala opanda khadi la chipani. Anandimvera chisoni ndi mlamu wanga, a Jafali, amene anali ndi kashopu kotayipa pa boma la Nkhotakota. Kuwerenga ndinali nditaphunzira ndili kale ndi ana, kusukulu ya kwacha, ndipo ndinkatayipa ndi zala ziwiri.

Kompyuta yathu inali yakale, yachikasu, yosiya mzungu wina wa ku Dwangwa. Ukasintha tsamba inkayamba yaganiza. Makasitomala ankatukwana makinawo, ineyo n'kumatukwana nawo. Mnzanga Zione, amene anaphunzira kutayipa ku Lilongwe, sankasiyana nane kwenikweni, pakuti tonse tinkadikira.

Kenaka a Jafali anaitanitsa ku Joni khadi lofulumizitsa makina, lobiriwira, lokhala ndi purosesa yakeyake, ubongo wa makina. “Alamu, manja anu sanjenjemera. Ikani ndinu,” anatero.

Ndinazula nthambo yamagetsi, n'kugadabuza kompyuta, n'kutsegula kachitseko kapansi. Ndinayamba ndagwira chitsulo cha pawindo kuti magetsi a m'thupi asaononge khadilo. Pamene ndinkalilowetsa, ndinaona kuti nditalisiya lolowa theka, aliyense akanati n'lakufa, ndipo kuchedwa kwanga sikukanaonekera. Ndinaliyang'ana kanthawi, kenaka ndinalikankha mpaka mano ake agolide anamira onse.

M'mawa mwake kunabwera bambo wina wa ku Benga. Ankafuna pulogalamu ya maliro a mkazi wake, ndipo lole yonyamula bokosi inali panja, injini ikulira. Ndinakhala pampando. Tsamba linatseguka nthawi yomweyo, kamzere n'kumangophethira, kudikira ine. Ndinasakasaka zilembo, thukuta lili kamukamu.

“Akulu, kodi akuchedwa ndi makinawa kapena ndi inu?” anafunsa bamboyo.

A Jafali sanandiyang'ane. “Tasunthani, alamu. Zione, khalapo.”

Zala za Zione zinkagwa ngati mvula padenga la malata. Dalaivala asanaimbenso hutala, pulinta inali itayamba kulira. Bamboyo anamuthokoza ndi manja awiri. Ine a Jafali anandipatsa sitepula.

Pampando paja sindinakhalenso. Ndinakhala wodula mapepala ndi kumanga timabuku mpaka shopu inatsekedwa, ndipo tsiku lililonse ndinkamva zala za Zione kumbuyo kwanga, mtima n'kumawawa. Sanandilakwirepo chilichonse. Mwina akanandinyoza kamodzi kokha zikanandipepukira.

Chimene ndinatolapo n'chakuti ukakonza makina, umaonekera ndiwe. Komabe uyenera kuwakonza bwino. Mayi wa ku Benga uja anaikidwa dzuwa lisanapendeke, pulogalamu ili m'manja mwa anthu.