Nyumba ya Chidulo ku Gaza

Loweruka lapitali ndinaphwanya buloko la simenti ndi chala. Osati chibakera ayi, chala chomwechi chogwirira cholembera. Ndinangodinikiza pakona, ilo n'kuyoyoka ngati chigumu chogona.

Izi zinachitikira ku Gaza, dera lina la m'tauni ya Chipinge, kumene alamu anga a Mailosi akumanga nyumba. A Mailosi ndi amuna a achemwali anga a Ferista, ndipo kuyambira ali mnyamata ntchito yawo yakhala yoponya nkhuni za bulugamu m'boila ya fakitale ya tiyi, moto woumitsira masamba uja. Chaka chino akupuma. Amene munakulira pa esiteti mukudziwa kuti ukapuma ntchito, kiyi wa nyumba ya kukomboni umabweza. Makolo athu anachoka ku Mulanje kalekale, mudzi wobwererako kulibe. Nyumba ya ku Gaza ikapanda kufoleredwa mvula isanayambe, anthu awiriwa alibe pogona.

Khoma linali litafika m'mawindo. Ndinadinikiza buloko lina, kenaka linanso. Onse chimodzimodzi.

"Alamu, mabulokowa mwaumba ndi chiyani?" ndinafunsa.

"Simenti, mchenga ndi dota," anayankha a Mailosi, osaphethira n'komwe. "Manje simenti ya masiku ano ndi ya dota kale, alamu. Ine ndangowonjezerako."

Kwa inu owerenga akutali, dota ndi phulusa m'Chishona. Nkhani yake ndi yoti atapita kokagula simenti m'tauni, mayi wogulitsa anawalozera mtundu wina n'kuwauza kuti umenewo uli ndi dota, ndi wolimba bwinobwino, komanso popanga suwononga kwambiri mpweya. Mayiyo sananame. Koma alamu anga atangomva liwu loti dota, mtima unathamangira kuseri kwa fakitale, kumene kuli mulu wa phulusa woposa chulu, limene iwo omwe akhala akulipala m'boila zaka zonsezi. Anapempha kwa foromani, foromani n'kuti tengani lonse ngati mungathe. Analitutira pa ngolo mpaka ku Gaza, n'kumathira mowolowa manja kuti thumba la simenti lifike patali.

Achemwali anali atakhala pa ndowa yovundikira, dzanja lili patsaya.

"Ine ndinawauza," anatero. "Pothirira mabulokowa madzi ake amaterera m'manja ngati chidulo. Ndinati bambo a Tendai, mukumanga nyumba kapena mukuphika thelele? Iwo akuti ndiwe mkazi, za sayansi suzidziwa."

Ndinafuna kuseka, koma nkhaniyi sinali yoseketsa. Kuyambira tsikulo mtima wanga sukukhazikika, ndipo ndikufuna ndikuuzeni chifukwa chake.

Choyamba tiwongole nkhani ya dotayi. Simenti imapangidwa pootcha miyala ya laimu m'ng'anjo yotentha koopsa, yoti boila ya alamu anga ndi mbaula chabe. Moto umenewo umatulutsa mpweya wa kaboni, uja ukutenthetsa dzikowu. Koma si moto wokha. Mwala womwewo ukamapsa umatulutsanso mpweya wake. Ndiye thumba lililonse limene timanyamula pamutu limakhala litasiya utsi wake kumwamba lisanafike pamanja pathu.

Nzeru imene opanga simenti anapeza ndi yoti achepetse mwala wootchawo, m'malo mwake aikemo zinthu zimene zinapsa kale kwina n'kutayidwa. Kuli phulusa losalala la malasha lochokera kumene amapanga magetsi. Kulinso zotsalira za m'ng'anjo zosungunulira chitsulo, zimene amazipera mpaka zikhale ufa. Zinthuzi zikakumana ndi simenti ndi madzi zimagwira, ndipo mwala wootcha ukachepa, utsi nawo umachepa. Chinyalala cha fakitale ina chimasanduka khoma la munthu.

Koma phulusa limenelo amaliyeza, amalisefa, amathira mwa muyezo. La bulugamu ndi lina. Muli makala osapsa, muli mchere uja umafewetsa ndiwo, ndipo la lero silifanana ndi la mawa. Chizungu chili ndi mayina osiyanitsa zinthu zimenezi. Ife tili ndi liwu limodzi, phulusa. Anzathu a Chindau, eni dera lino, nawo ali ndi limodzi, dota. La pamaliro, la kuchimbudzi, lowaza pa mpiru kuti nsabwe zife, la malasha, lonse ndi phulusa basi. Khoma la alamu anga lagwa ndi liwu limenelo.

Mwina mukuti safunsa anadya phula. N'zoona. Koma akanafunsa ndani? Thumba linalembedwa m'Chizungu, timalemba take tating'ono ngati nyerere. Wogulitsa anali ndi mzere wa anthu omudikira. Mmisiri wodziwa ntchito sanamuitane, poti mabuloko aliyense kuno amaumba yekha. Kodi munamvapo munthu atabwera kukomboni kapena pabwalo la tchalitchi kudzafotokoza za simenti yatsopanoyi m'chinenero chimene timalota nacho?

Ndiye tagawikana pawiri, ndipo mbali zonse zikundisowetsa mtendere. Ena amva theka la nkhani ngati alamu anga, n'kuthamanga nalo. Ena, amene ndi ambiri, akangomva kuti m'simenti muli phulusa amati atibera, atisakanizira zinyalala. Mu kombi, minibasi ya kuno, pobwerera bambo wina, amene anati ndi mmisiri wa ku Ruda, analumbira kuti iye simenti yoteroyo saigwira, chifukwa imachedwa kuuma. Kuchedwako n'koona. Imafuna kuithirira moleza mtima, ndipo ikagwira yagwira. Koma ife tinazolowera kuti chofulumira ndicho champhamvu. Tsopano akamva za khoma la ku Gaza, bambo ameneyu adzati mwaona, si ndinanena? Cholakwa cha phulusa la bulugamu chidzagwera phulusa la malasha, limene silinachimwe kanthu.

Nanga zikutikhudza chiyani ife othyola tiyi, mungafunse. Utsi wa simenti si wa anthu a m'mizinda?

Funsani amene anaona mapiri a kuno akutsetsereka ndi nyumba za anthu nthawi ya namondwe wamkulu wa zaka zapitazo. Funsani wothyola masamba amene amadikira mvula mpaka tchire la tiyi lichite kufiira, kenaka ibwere yonse tsiku limodzi. Nyengo ikapenga, oyamba kunyowa ndife. Ndipo ikatigwetsera nyumba timathamangira simenti yomweyo, ng'anjo zija n'kuyakanso. Ngati pali njira yoti thumba lomwelo lituluke ndi utsi wochepa, ife ndiye tiyenera kukhala oyamba kuimvetsa, osati omaliza.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'choti funso la alamu anga silinali lopusa. Ndimamva kuti kwina anthu ophunzira akuyesa phulusa la nkhuni, la mankhusu a mpunga, la zotsalira za nzimbe, kuti aone ngati pang'ono pake lingalowe m'simenti. Kuno mafakitale a tiyi, kuyambira ku Honde mpaka ku Chipinge, amalavula phulusa tsiku ndi tsiku. Kodi alipo amene anabwerapo ndi kabotolo kudzatapako kuti akaliyeze? Ine sindinamuonepo. Kumisonkhano ya m'mahotela amati zinyalala ndi chuma, koma muluwo uli pomwepo, mphepo ikuuwaza pa zovala zoyanikidwa kukomboni. Amene anauyesa ndi munthu mmodzi, ndipo anauyesera pa nyumba yake yokhayo.

Tisanasiyane, a Mailosi anayenda m'mbali mwa khoma lija akulisisita.

"Tikalipaka pulasitala wokhuthala, alamu, silingaime?"

Ndinawauza zoona, kuti pulasitala angangobisa matenda, ndipo khoma lotere likhoza kudzawagwera achemwali ali m'tulo. Anayang'ana cha ku phiri la Chirinda, kumene mitambo yayamba kale kusonkhana masana, n'kukatenga hamala. Buloko loyamba silinafune n'komwe kumenyedwa kawiri.

Iwo ndi achemwali agwirizana zoyambiranso ndi chipinda chimodzi chokha, cha simenti ya dota yomwe ija, koma yosawonjezera kanthu. Kaya mvula iwachitira chifundo, sindikudziwa. Achemwali ayamba kale kumanga katundu m'mitolo kukomboni.

Akundiperekeza kokwerera kombi, alamu anga anandigwira pamkono. Manja awo ndi okhakhala, odzaza zipsera za moto.

"Inu mumalemba m'nyuzipepala," anatero motsitsa mawu. "Mukawafunseko anthu odziwawo. Ine sindinapangepo china chilichonse pa moyo wanga, koma moto ndi dota. Moto unapita ndi tiyi kwa azungu. Ndiye dota langa lonse lija, shuwa palibe chimene lingamange?"

Funso ndi limenelo, inu odziwa. Mubwera liti kudzaliyeza?