Kamzere ka a Gerben

A Gerben Postma anayamba kulemba mapulogalamu a pakompyuta ku Leeuwarden tsitsi lisanawathawe pamutu. Kampani yawo ndi yaing'ono, ili pamwamba pa sitolo ya njinga, ndipo imayendetsa tsamba la pa intaneti pomwe anthu amasungitsa nthawi yokaonana ndi dokotala wa mano. Ndi munthu wosachedwa kuntchito, wosadwaladwala, nkhomaliro yawo buledi ndi tchizi chaka ndi chaka. Koma nsanje, abale! Mnzawo akangoyamikiridwa, iwo khofi sawatsika pakhosi.

Pantchito imeneyi mzere uliwonse wa pulogalamu umasunga dzina la amene anaulemba. Kale a Gerben ankatsegula n'kumaona dzina lawo litadzaza tsamba lonse. Achinyamata anabwera, kulemba apa, kufufuta apo, mpaka dzinalo linatsala pa kamzere kamodzi kokha: kouza pulogalamu kuti ikapanda kuuzidwa za nthawi ya kwina, izitsata wotchi ya ku Amsterdam, likulu la dziko lawo.

Kenako kunabwera Sietske, mtsikana wansangala, wanzeru zoopsa. Abwana Tjalling atapeza makasitomala oyamba ku Ireland, komwe wotchi imatsalira ndi ola limodzi, ntchitoyo anampatsa iyeyo. A Gerben sanafunsidwe n'komwe.

"A Gerben, kamzere kanu kaja ndikachotsa," anatero Sietske. "Nthawi tizisunga ya mtundu umodzi, koma aliyense aziiona pa wotchi ya kwawo."

"Kakulakwira chiyani? Kanayamba kugwira ntchito iwe usanamere mano."

"Eya, madala, nthawi imeneyo dziko linkathera pafupi pompa, pa mzinda wa Groningen."

Anthu anaseka. Abwana anasekanso, n'kuwonjezera kuti, "Mwana ameneyu ali ndi mutu." Mawu omwewo a Gerben anali atawadikira zaka zonsezi. Zinawawawa, tisaname. Anapalasa njinga kupita kwawo akulimbana ndi mphepo, uku akung'ung'udza okha.

"Nsanje imeneyi idzakuphani, bambo inu," anatero akazi awo, a Aukje. "Idyani, mbatata zikuzizira."

Lachisanu masana, anzawo ali kukhitchini akumwa mowa wotsekera sabata, a Gerben anabwezeretsa mwakachetechete kamzere kawo, kamene Sietske anali atachotsa kale. Anayesa pa kompyuta yawo, zonse zili bwinobwino. Nanga zikanalephera bwanji, poti kompyutayo nayo inali ku Leeuwarden konko?

Lolemba foni inayamba kulira osaleka. Ku Ireland tsamba linkaonetsa odwala nthawi ya ku Amsterdam. Anthu ankafika atagwira masaya, atachedwa ndi ola lathunthu, n'kupeza pampando wa dokotala pali wina.

Onse anaunjikana pa desiki ya Sietske. Iye analondola vutolo mpaka kufika pa kamzere kaja. Pambali pake panali dzina, ndi tsiku la Lachisanu.

"Gerben Postma," anawerenga abwana mokweza, pang'onopang'ono. Panali patapita nthawi yaitali munthu asanawerenge dzina limenelo m'pulogalamu.

Pakampanipo mwambo wake ndi wakuti amene wawononga zinthu amagula keke. A Gerben anatsika, nakagula ya maapozi, nabwera nayo atazolika. Anapeza Sietske asanafufute kanthu.

"Khalani apa," anatero, akuwakokera mpando. "Mzere watsopanowu mulembe ndinu, dzina lanu lisachoke."

Apa ndiye nsanje inawakwera mpaka m'makutu. Nzeru ali nazo, ndi mtima wabwino womwe akhale nawonso? Anakhala pansi, zala pa makiyi a kompyuta, koma kalembedwe katsopanoka sankakadziwa. Sietske anaima kumbuyo kwawo ndi keke m'manja, n'kumawanong'oneza liwu ndi liwu kuti ena asamve. Iwo ankangolemba ngati mwana wa sukulu.

A Gerben akadali pakampanipo, ndi buledi ndi tchizi wawo. Mzerewo ukugwira bwino ntchito, odwala a ku Ireland amafika pa nthawi yake, ndipo pambali pake pali dzina lakuti Gerben Postma. Eni dzina sanatsegulenso tsamba limenelo.