Chitseko Chopanda Dzina ku Mtendere

Ntchito yolemba zikwangwani sindinaifunefune, inandipeza yokha nditakwera pa ndowa. Nditamaliza sukulu ndinkakhala kwa azakhali anga ku George, komboni ina ya mu Lusaka, ndikuwathandiza kugulitsa pa kantemba, kagolosale kawo kakang'ono. Tsiku lina ndinatola chitini cha penti yotsala, ndinatafuna kamtengo kuti kakhale burashi, n'kuvundikira ndowa, kukwerapo, kuyamba kulemba pakhoma zinthu zomwe tinkagulitsa. Ndili pakati, kumbuyo kwanga kunaima mdala wina wa njinga, makwerero atamangirira m'mbali. Anayang'ana nthawi yaitali osandipatsa moni.

"Iyo S yako idwala musana," anatero. "Koma ma A yaimilila bwino. Ubwele mailo ku Matero, ufunse ba Sakala wa ma saini."

Azakhali anati imeneyo ndi ntchito ya amuna ndipo palibe adzandikwatire ndikununkha thina, mankhwala osungunulira penti. Ndinawayankha kuti amene akundikwatira ndikununkha sopo sindikumuonanso. M'mawa mwake ndinapita, ndipo ndinapeza kuti ba Sakala ndi mdala yemwe uja wa njinga.

Miyezi yoyamba burashi ndinkangoigwira potsuka. Ba Sakala anali ndi maburashi a ubweya wofewa, aatali nsonga, ndipo ankawasamala kuposa mano awo. Ukatsuka mu thina, umafinya ndi nsanza, n'kupaka mafuta pang'ono kuti ubweya usaume. Ndinaphunzira kukwecha khoma ndi sandipepa, kupaka andakoti, penti yoyamba ya pansi, ndi kumenya mzere: chingwe umachipaka choko, mnzako agwira uko, iwe uku, n'kuchikoka pakati kuti chisiye mzere wowongoka. Ndinaphunzira kutsamiritsa dzanja pa kandodo kokhala ndi mpira wa nsanza kunsonga, kamene iwo ankakatcha dzanja lachitatu. Penti ya mafuta ukaithira thina wambiri imalira, misozi kutsika pakhoma. Ukaumira thina, burashi imakoka ngati ukulemba ndi phala lozizira.

Koma lamulo lalikulu silinali la penti. Ankalinena pafupifupi tsiku lililonse mpaka linanditopetsa: burashi silowa m'chitini mpaka mwini khoma atanena dzina ndi pakamwa pake, ataima pamalopo. Osati mkazi wake, osati mwana wake, osati uthenga wa pa foni. Ine ndinkaona ngati ndi ukalamba chabe, makamaka nthawi imeneyo pamene ntchito zathu zinkatengedwa ndi anyamata a makompyuta a ku Kamwala, amene amasindikiza sitika lero, lero lomwe n'kumata.

Ntchito yaikulu yoyamba tinaipeza ku Mtendere, pa loji yatsopano ya ba Mwale. Mdala ameneyu anachokera ku Chadiza ali mnyamata ndipo anakalambira pa bwalo la ndege. Ntchito yake inali kuimika ndege. Ankaima kutsogolo kwake ndi timatabwa tiwiri m'manja, kuiitana, kuikhotetsa, mpaka iime pamalo pake. Ankakonda kunena kuti akuluakulu a dziko lino onse anaima chifukwa iye anakweza manja. Chomwe ankanena motsitsa mawu n'chakuti iye mwini sanaulukepo, ngakhale kamodzi.

Zipinda zina zonse anazipatsa maina a mizinda yomwe ndege zake zinkapita, ndipo maina amenewo analemba ba Sakala. Chakumapeto kwa khonde ndiye kunali chipinda cha pamtima. Anaitana kalipentala wa ku Kalingalinga kupinda siling'i kuti ikhale ngati mimba ya ndege, ndi timakabati ta katundu m'mwamba. Pafupi ndi bedi anaika mipando iwiri ya basi yakale, yokutidwa mwatsopano, ya malamba ake. Mazenera ozungulira a m'khoma ndinajambula ndine, ndi mitambo kuseri kwake. Mitamboyo ndinkaidinda ndi siponji, yoyera pamwamba, yotuwirako pansi, ba Mwale ataima kumbuyo kwanga kundikonza. Munthu wosaulukapo, koma mitambo ankaidziwa ngati anabadwira momwemo. Chitseko tinachipaka zoyera kawiri, chinauma, chinakhala choncho chopanda kanthu.

Sabata yotsegulira loji, ba Sakala analandira uthenga wa maliro a mchimwene wawo ku Petauke. Anandisiyira bokosi la maburashi, chinthu chomwe anali asanachitepo, nati chatsala ndi chitseko chimodzi chokha, lamulo ndikulidziwa. Ndinasangalala, osadziwa kuti andisiyira moto.

Woyendetsa lojiyo anali mwana wa ba Mwale, dzina lake Dalitso, mnyamata wochangamuka, wa mafoni awiri. Si munthu woipa. Iye ndiye ankathamanga ndi zonse, ndipo ankadziwa chomwe alendo amakonda. Anandipeza ndikusesa pakhonde nandiuza kuti chipindacho chikhala Dubai, ndilembe lero ndi zilembo zagolide. Ndinamuyankha mwaulemu kuti ndimve kaye kwa ba mdala. Anaseka, nati ba dadi akhala akuzengereza mwezi wathunthu ndipo Loweruka kubwera abusa, kwaya ndi wojambula zithunzi.

Ndinapita kwa ba Mwale. Ndinawapeza atakhala pa umodzi wa mipando ija, lamba atamanga. Nditawafunsa dzina, anandiyang'ana ngati ndafunsa zolaula.

"Mwana wanga, kwathu khanda sitilitchula dzina mchombo usanagwe. Muno simunagone munthu. Chikali m'chikuta ichi."

Ndinafunsa kuti mchombowo ugwa liti. Anati ndidzaona.

Ndinagwira njakata. Amene ankalamula ntchito tsiku ndi tsiku anali Dalitso, ndipo anali atalonjeza ba Sakala kuti tikamaliza bwino atipatsanso khoma lonse la kumsewu. Lachisanu anandiuza mosabisa kuti ngati burashi yanga ikuchita manyazi, sitika ilibe manyazi, ndipo za khoma la kumsewu tiiwale. Ndinayesa kuimbira ba Sakala, foni osalowa. M'basi pobwerera ku George ndinkadzifunsa kuti ndine ndani ine, mtsikana wotsuka maburashi, kuti nditayitse mdala ntchito chifukwa cha lamulo lake lomwe. Zilembo zisanu zokha, ndikanalemba osatuluka thukuta. Koma nkhope ya ba Mwale pa mpando uja inkandibwerera.

Loweruka ndinalawirira. Ndinapeza tenti itaimikidwa, amayi a kwaya akuyala mipando, ndipo chitseko chija chili chotseka. Ndinayala nyuzipepala pansi, ndinatsegula bokosi, ndinakhala pa chitini kudikira. Posakhalitsa Dalitso anatulukira ndi mnyamata wa ku Kamwala atanyamula sitika yokulunga ndi kabotolo ka madzi a sopo. Anaitambasula. Kunena zoona inali yokongola, golide wake wonyezimira, kandege kakuuluka pamwamba pa dzina.

"Ba sisi, chokaniko tiike ichi. Nthawi yasila, tachedwa kale."

Ndinaimirira, koma m'malo mochoka ndinatsamira chitseko. Ndinati chitsekocho ndinapaka ndine, ndipo sindinachipereke kwa mwini wake. Akachilandira ba mdala, amatepo chomwe afuna.

"Iwe, unibweletsela miyambo pa bizinesi? Uziba ndalama zamene zangena apa?"

Ndinati sindidziwa, koma dzina sindinalimve kwa mwini. Anthu anayamba kusuzumira kuchokera ku tenti. Wa sitika anayang'ana kumbali ngati sakumva. Dalitso ananena zambiri, zina zowawa, kuti andithamangitsa ndi zitini zanga ndipo dzina la Sakala silidzamvekanso ku Mtendere. Misozi inali pafupi, ndipo ndinakwiya nayo misoziyo kuposa momwe ndinakwiyira iye. Sindinasunthe.

Chitseko chinatseguka kumbuyo kwanga, ndinatsala pang'ono kugwera m'kati. Anatuluka amayi ake a Dalitso, amai Mwale, atamanga chitenje chatsopano, ba Mwale ali pambuyo. Ngakhale Dalitso sankadziwa kuti makolo ake agona m'menemo. Tinamva pambuyo pake kuti mdalayo pofunsira mbeta amai Mwale anawalonjeza kuti adzawakweza ndege, ndipo lonjezolo linakhala nthabwala ya m'nyumba mwawo mpaka imvi. Madzulo a Lachisanu anakawatenga kunyumba, nawakhazika pa mpando wa kuzenera, nawamanga lamba.

Ba Mwale anayang'ana sitika, anayang'ana ine, kenaka anati munthu wagonamo, mchombo wagwa, ndipo wotchula dzina ndi mayi. Amai Mwale sanafulumire. Anagwira chitseko ndi chikhatho monga momwe munthu amagwirira mphumi ya mwana.

"Ni Tafika," anatero.

Dalitso anayamba kufotokoza kuti mlendo wochokera kunja dzina limenelo silimuuza kanthu. Mayi ake anamudula ndi mawu otsika kwambiri, moti tonse tinachita kusendera.

"Dalitso, iwe sindiwe woyamba. Chaka chimene tinafika mu Lusaka, atate ako atangolembedwa ku ndege, ndinabala mwana wamkazi. Anapita tikali m'chikuta. Anakamuika azimayi okhaokha, wopanda dzina, ndipo anatiuza kuti wotere saliridwa. Dzina tinali titakonza. Lakhala m'kamwa mwanga zaka zonsezi."

Ba Mwale anachotsa chipewa. Anatembenukira kwa ine, ataima pachitseko penipeni, nati, "Lembani Tafika, mwana wanga."

Apa ndiye ntchito inayamba. Nthawi yomenya mzere ndi chingwe inalipo, koma wogwira mbali inayo panalibe. Ndisanapemphe, Dalitso anapatsa wa sitika foni zake, nagwira chingwecho. Sanandiyang'ane, nanenso sindinamuyang'ane. Tinamenya mizere iwiri. Ndinajambula zilembo ndi choko, ndikukumbukira zomwe ba Sakala ankanena, kuti T ndi A akakhala moyandikana amasiya mpata waukulu, uziwakankhira pafupi ndi diso, osati ndi rula. Ndinasankha buluu wakuda, wofanana ndi thambo la m'mazenera anga. Thina ndinathira madontho ochepa. Tsiku limenelo penti sinayenera kulira, olira analipo kale.

Ndinatsamiritsa kandodo pachitseko, dzanja pa kandodo, n'kukoka mzere woyamba wa T kuchokera pamwamba mpaka pansi osapuma. Unatuluka wowongoka. Kuyambira pamenepo sindinamvenso anthu, ngakhale kwaya inali itadzaza khonde ndipo abusa anali atafika. Ndinkangomva ubweya wa burashi ukuyenda pa thabwa. Nditafika pa K, chilembo chomwe chinkandivuta nthawi zonse, ndinaona kuti chitini chili pafupi ndi dzanja langa, pomwe sindinachiike. Anali atachinyamula Dalitso, ndipo anachigwira choncho mpaka A womaliza.

Nditabwerera m'mbuyo kuti ndione, amai Mwale anawerenga dzinalo mokweza, pang'onopang'ono, ngati akuitana mwana kuti alowe m'nyumba. Mayi wina wa kwaya anayimba nthungululu. Ine ndinatola maburashi n'kupita kuseri kwa thanki ya madzi, ndipo kumeneko ndinalira bwinobwino, ndikutsuka.

Dalitso sanapepese, ndipo sindinayembekezere. Lolemba anangonditumira uthenga wofunsa kuti khoma la kumsewu tiyamba liti. Nkhani ya mwana uja amai Mwale anandiuza okha kuti ndikhoza kuinena, poti anakhala chete nayo mokwanira.

Ba Sakala atabwera ku maliro anapita kukaona chitseko. Anaima monga anaimira tsiku lija ku George, manja kumbuyo, nthawi yaitali. Anati mwendo wa K watalika pang'ono. Kenaka anafunsa kuti dzina ananena ndani, ndipo ndinati mwini wake, ataima pomwepo. Anagwedeza mutu. Ntchito zathu zonse tinkalemba dzina lawo pakona ya pansi, tizilembo ting'onoting'ono, ndiye ndinatulutsa kaburashi kuti nditero. Anandigwira dzanja.

"Apa sinapiteko ine. Lemba yako."

Ndinagwada, ndinalemba Esinati pansi pa chitsekocho, pomwe amaona wokolopa yekha.

Lero ndili ndi malo angaanga ku Matero, ndipo makina a sitika ndinagula, poti dziko silidikira munthu. Koma kaya ndi burashi, kaya ndi makina, sindiyamba mwini asananene dzina ndi pakamwa pake. Makasitomala ena amadandaula kuti ndimachedwetsa zinthu, ndipo ndimawalola adandaule. Sudziwa kuti dzina lakhala zaka zingati m'kamwa mwa munthu likudikira chitseko. Ndikadutsa ku Mtendere ndimapatukira pa loji paja. Buluu uja wayamba kufwifwa, ndipo Dalitso, amene tsopano ndiye mwini, salola munthu wina kulikhudza dzinalo. Amandiimbira ine, ndipo chitini amagwira yekha.