Nsapato Zanga ndi Phazi la Alamu

Ine ndili m'gulu la anthu ochepa a ku Maravia amene anapambana nkhondo osagwira mfuti. Kunena zoona, mdaniyo anali alamu anga, ndipo dziko lomwe tinkalimbirana linali nsapato.

Ku koleji ya ku Tete ndinakhalako mpaka tsiku lomwe aphunzitsi anagwirizana kuti khasu likundisowa kumudzi. Ndinabwerako ndi nsapato zachikopa komanso phunziro limodzi, la asilikali a m'magazi. Apwitikizi atatiunjika m'mudzi wa mpanda wa waya ku Chipera, amuna a mlongo wanga anapatsidwa mfuti ya umilisiya, yolondera chipata. Posakhalitsa anandivula nsapato pachipata, ati wovala nsapato ndi amene amathawira kutchire.

Zinkawathina. Ine ndinangodikira.

Thuza la pachidendene linaphulika n'kutukusira, phazi kutupa ngati dzungu. Kuchipatala cha tropa, asilikali a Apwitikizi aja, ankaopako, poti powaona akutsimphina akanawalanda mfuti. Choncho anabwera kwa ine akutsimphina, uku akunditchula kuti adotolo.

Ndinatenthetsa madzi, kuthiramo mchere, womwe masiku amenewo unkasowa ngati mtendere, n'kuwauza kuti mankhwalawa sagwira ntchito wodwala asanamve phunziro lonse. Phazi lili m'beseni, ndinayamba modekha. Kachirombo kakalowa m'thupi, magazi amayamba akapaka chizindikiro, monga mwini mbuzi amadulira khutu. Msilikali wa m'magazi alibe maso. Ali ndi timbedza pakhungu pake tokola chizindikirocho. Kamodzi kakakola, timaulusi ta m'kati mwake timalukana n'kukankha khungu kutsogolo, timbedza tina n'kukolanso, mpaka milomo ya khungulo ikakumane kuseri kwa kachiromboko. Wakubayo amapezeka ali m'kathumba, ndipo m'menemo amathiridwa asidi.

Pa mawu akuti wakuba ndinafinya chilonda.

"Alamu, fupikitsaniko."

"Mwandidula mawu, alamu. Ndasokonezeka."

Ndinayambiranso poyamba, n'kuwonjezera madzi otentha.

Mafinya aja ndinawauza kuti ndi mitembo ya asilikali ofera kunkhondo, zomwe ndi zoona. Ndinatinso otsalawo asunga mkwiyo, ndipo akadzangomva fungo la chikopa chomwecho adzadya mwendo mpaka m'bondo. Izi zokha m'buku munalibe.

Tsiku lomwelo mlongo wanga anabweretsa nsapato atazikulunga m'nsalu, n'kuziika pakhomo akuluma mlomo kuti asaseke. Phazi linapola, ndipo alamu anamaliza nkhondo akulondera chipata osavala kanthu kuphazi, ine ndikudutsa pang'onopang'ono kuti amve kulira kwa chikopa.

Zonsezi zinandidyera mchere wa m'chikhatho chimodzi.