Mphemvu m'chitini cha mabisiketi

Mwaswera bwanji nonse. Musanamve kwa amayi, inde, woyambitsa ndine.

Mvula yayamba kuno ku Kahawa, ndipo mphemvu zikutuluka m'sinki ngati anthu otsika m'matatu, maminibasi a kuno aja. M'mawa amayi anapopera mankhwala n'kundituma kuti ndisese mitembo alendo a mapemphero asanafike, poti amawauza kuti nyumba yathu ilibe mphemvu. Ine ndinaziwolera m'chitini cha mabisiketi kuti ndiwaopseze achemwali anga a Tadala.

Sindinadziwe kuti zangokomoka. Sindinadziwenso kuti chitinicho amayi achiika patebulo la alendo. Anangochotsa chivundikiro osayang'anamo, abusa n'kuti, "Titsinzine, tidalitse chakudya."

Ine ndinatsinzina diso limodzi. Chimphemvu chachikulu chinatsika ndi mwendo wa tebulo, n'kulowa m'thalauzi la abusa. Pemphero linasintha giya pomwepo. "Choka! Choka!" abusa akupondaponda pansi, akudzimenya pabondo. Azimayi ali chitsinzinire, manja m'mwamba: "Ameni! Chichoke m'nyumba muno!" Mpaka mayi wina anatsegula maso n'kupeza ina ikumwa tiyi wake.

Amayi sanakalipe. Anangonditchula dzina langa lonse, motsitsa mawu, akumwetulira alendo.

Chilango: kutsuka makabati onse a kukhitchini, ndipo Lamulungu ndikapepese kwa abusa nditagwada. Palibe vuto, makabati ndayamba kale, ndikuimba.

Koma amalume, azakhali, weruzani mwachilungamo. Abusa athu aja amene amatigonetsa tulo, munawamvapo akupemphera ndi mphamvu chonchi? Ndikapepese, kapena andithokoze?