Aphunzitsi a Makatuni ku Nancholi

Kuseri kwa nyumba yanga kumakhala bambo wina amene anaphunzira mpaka mabuku kumuthera, zonsezo kuti aziphunzitsa ana a kukoleji kujambula anthu a mphuno ngati chikwanje. Akuti ndi phunziro la kalembedwe. Ife a Sitandade 5 tikafunsa kuti kulembako kuli pati, amatiyankha akusisita mimba: "Madala, izi n'zakuya. Katuni imafuna diso."

Disolo iwo ali nalo, asa!

Tsiku lina anauza ophunzira kuti ajambule munthu wodzimva amene amamudziwa. Mtsikana wina anajambula chibambo chadazi, tayi atalekera pamwamba pa mchombo, chikuloza bolodi ndi fupa la nkhuku. Aphunzitsi anaseka mpaka misozi, anam'patsa malikisi onse, n'kukapachika chithunzicho pabalaza kuti alendo aziona zipatso za ntchito yawo.

Lamlungu kunabwera apongozi awo aakazi kuchokera ku Nsanje. Atangolowa anaona khomalo, anafunda nsalu kumaso n'kukhala chofulatira.

"Esther mwanawe, tachotsa chithunzi cha amuna akochi. Ndidya bwanji akamwini akundiyang'ana? Koma wojambulayo ndi waulemu, mimba ija waichepetsa."